Ndinayamba Ndine Kuzulidwa Dzino

Senderani pafupi ndi wailesi, anzanga, mumve zimene ndinadzipalira ine mayi wokalamba wa ku Kanyama.

Kampani imene ankagwirako ntchito itatseka, mwana wanga anapita kutali kukafuna ntchito, n'kundisiyira kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi chimodzi. Kakachita mwano ndinkakaopseza kuti, "Nizakupeleka ku kiliniki bakakulase nyeleti!"

Ndiye dzino litayamba kukapweteka, kanabisa. Kankatafunira mbali imodzi mwakachetechete, mpaka tsaya linatupa ngati chitumbuwa. Nditati tiye kuchipatala, kanathawira kunsi kwa bedi.

"Ambuya, sininalakwe! Musanipeleke!"

Mawu amenewo anandilasa mtima. Ndinakauza zoona, kuti adokotala salanga ana, nyeleti, jekeseni ija, imangoluma pang'ono kuti dzino ligone. Sikanakhulupirire. Inenso ndinali ndi dzino lobowoka limene ndinkaopa kukazulitsa, choncho ndinati, "Nizayamba ine, iwe uzazionela."

Kuchipatalako ndinakhala pampando, kamdzukulu katandigwira dzanja. Atandizula, kanandiyang'anitsitsa.

"Ambuya, simunalile?"

Basi kanakwera pampando kokha.

Adokotala anati tikanachedwa, mafinya akanafalikira. Lero mdzukulu wangayo akukukuta chimanga chowotcha mbali zonse. Ine ndatsala ndi mpata m'kamwa, koma tulo ndikutipeza.