Chithunzi cha Mwamuna wa ku Maldivas

Pamalo odikirira chapa, minibasi yonyamula anthu, ku Fíngoè, mayi wina ankaonetsa chithunzi cha mutelefoni kwa bambo wachilendo amene anakhala naye pabenchi.

"Ndi ameneyu waitana mwana wanga Quitéria. Ngwa kuzilumba za Maldivas. Anayamba ndi kusewera ngati msodzi m'mafilimu, lero ndiye amawongolera anzake. Akufuna mtsikana wa kuno mufilimu yake yatsopano."

"Munamumvapo mawu ake?"

"Amangolemba. Ndi munthu wotanganidwa."

"Amalemba m'Chipwitikizi?"

"Ee, chosalala bwino. Mafunso onsewa bwanji? Ndi nsanje kapena?"

"Mayi, munthuyo alikodi, mafilimu ake ndinaonerapo. Koma wolembayo si iye. Chithunzi chomwechi, malaya omwewa, chinafika kwa mlongo wanga Otília ku Chipera. Anamuuza kuti akakumane ndi mthenga ku Tete, ndipo asauze anthu ambiri."

"Ndiye mlongo wanuyo ali mufilimu iti?"

"Chino n'chaka chachitatu sitinamuone. Nambala yake siilowa. Chonde mayi, musamulole mwanayo akwere."

"Bambo inu... wakwera kale chapa ya m'mawa. Ndamunyamulira chikwama ndine."