Masitepe Anayi Obweza Lachiwiri

Lamlungu m'mawa, tsiku la ukwati wa mwana wawo Lubuto, mayi Perpetua Mukuka a ku Chelstone anali pagalasi kulimbana ndi duku pamene amuna awo, a Gilson, analowa kuchokera ku Kabwata kumene anakatenga keke ya masitepe asanu. A Gilson ndi mkulu wa mpingo wosunga Sabata, munthu woti ukamuuza kuti adikire pang'ono amafunsa kuti pang'onopo pathera pati. Mayiwo ndi dikoni wamkazi, ndipo chikwatiwire sanagonjepo pamkangano.

"Bana Lubuto," anatero a Gilson, poti kwawo ku Luapula kholo limaitanidwa ndi dzina la mwana wake, mayi kukhala bana, bambo bashi, "keke yafika. Koma idwala."

"Keke idwala bwanji? Mwaigwetsa?"

"Awe. Yaonda. Nainyamula na dzanja limodzi, linalo linali na makiyi."

"Ni keke yamakono. Ikani patebulo mukasambe."

"Elo ba Stephanie bamene baipanga bakamba ati masitepe anayi apamwamba tibweze Lachiwili. Njila yonse nakhala niganiza. Tizabweza bwanji keke yamene bantu badya? Tizaima pageti na beseni?"

Mayi Perpetua anasiya duku lili pendapenda, nathamangira kukatseka chitseko. M'chipinda chinacho munali achibale ochokera ku Mansa, anthu a makutu akuthwa.

"Chepetsani mau, imwe! Sibazadya. Yazoona ni ya pansi chabe. Apamwamba ni madami."

"Madami ni ufa wa mutundu wanji?"

"Si ufa! Ni thovu louma lija loyela, limene limabwela mukatoni ya TV yatsopano. Bamangolipaka shuga pamwamba."

A Gilson anayandikira kekeyo, naigogoda ndi chala ngati mmene amachitira ogula chivwende kumsika wa Soweto. Inali yokongola, zimenezo tisaname: yoyera mbee, maluwa otuwira akutsetsereka kuchokera pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, kungoti mkati mwa iyi ngakhale nyerere sizikanapezamo chochita.

"So ni bodza," anatero bamboyo.

"Ni zokongoletsa."

"Bodza lokongoletsa."

"Bashi Lubuto, Lusaka yonse ichita so! Muganiza makeke yonse yamene mumaombela m'manja pamaukwati ni ya ufa?"

"Ine nimaombela na mutima umodzi. Manje mwaniuza kuti naombela makatoni zaka zonsezi?"

Apa mpofunika kuwamvetsa mayi Perpetua, chifukwa sikuti anangodzuka n'kuganiza zodyetsa anthu thovu. Lubuto ankakwatiwa ndi Jordan, mwana wa a Chitalu a ku Kabulonga, kumene ngakhale agalu amakhala ndi dokotala wawo. Pamsonkhano wokonza ukwati, mayi ake a Jordan anamwetulira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Ba ku Chelstone musazivute na keke, olo kamodzi kang'ono tizamvetsa." Mawu akuti "tizamvetsa" amenewa anawalasa mayi Perpetua, ndipo anawapweteka kwambiri. Analumbira mumtima kuti mwana wawo sakalowa m'banja limenelo ngati munthu womveredwa chisoni. Mtima unafuna masitepe asanu, thumba linalola imodzi, ndiye zotsalazo anabwereka.

"Chabwino," anatero a Gilson, akukhala pampando. "Koma pali vuto. Papulogalamu ni ine nipemphelela keke."

"Muzapemphela. Vuto lili pati?"

"Nimakamba kuti, 'Dalitsani chakudya ichi, chikapatse mphamvu matupi athu.' Thovu lipatsa mphamvu thupi la ndani?"

"Mulungu aziba zimene mutanthauza!"

"Ndiye chimene chiniopsa. Kapena nikambe so: 'Ambuye, dalitsani ya pansi. Zapamwambazo muziziba mweka.'"

"Mukakamba zimenezo pamaiki, mukagona ku Lilayi na bapolisi, osati muno!"

"Nanga nikambe kuti, 'Dalitsani zimene zidyeka patebulopa'?"

"Bantu bazayamba kufunsa kuti zosadyeka ni ziti!"

"Ni funso labwino."

Mayi Perpetua anapumira m'mwamba, nakhala moyang'anizana nawo. Anayesa mawu ofatsa aja amagwiritsa ntchito pophunzitsa atsikana kumpingo.

"Mvelani, bashi Lubuto. Lubuto na Jordan bazagwila mpeni pamodzi, bazadula ya pansi, bazadyetsana, bantu bazaimba nthungululu. Basi. Palibe wamene azafa."

"Nanga Jordan akayambila pamwamba? Ni mutali uja."

"Ba metroni, bamayi boyang'anila mkwatibwi, bazamugwila dzanja."

"Tsiku la ukwati wake, agwilidwe dzanja na mukazi wina?"

"Iyee, Ambuye nipatseni chipililo!"

"Elo ba abusa bamaphunzitsa kuti keke ni chithunzi cha banja. Ati ufa, mafuta na shuga zikasakanizika, palibe angazilekanitse. Manje banja la mwana wathu lizakhala gawo limodzi ufa, magawo anayi katoni. Itanthauza chani?"

"Itanthauza kuti mutseke pakamwa."

"Sinaimvepo tanthauzo imeneyo."

Panja, achibale anali atayamba kuyeserera nyimbo yolowera m'holo. A Gilson anamvetsera pang'ono, kenaka anakweza chala, ndipo akazi awo anadziwa kuti kukubwera china.

"Nanga zogwada? Lubuto azagwada kupeleka sitepe imodzi kwa ise, imodzi kwa bapongozi bake. Mwana wanga akagwade pansi na diresi loyela kupeleka katoni?"

"Zonse nakonza. Akapeleka, ba metroni bazaitenga ati bakaikulunge kukhitchini. Mubokosi bazaikamo chidutswa cha ya pansi. Ba Chitalu bazatsegulila kunyumba."

"Yalowa kukhitchini sitepe yonse, yatuluka chidutswa."

"Ee."

"Ndiye bazati ba metroni ni kawalala. Tayamba na kuphwanya lamulo la naini la bodza, manje tamupachika munthu wosalakwa la eyiti la kuba. Pofika madzulo tizakhala tatsiliza onse khumi."

"Bana Jordan sibadya keke! Bali na shuga! Bazangoiponya mufiliji, bazaiwala!"

"Ngati sibadya, chifukwa chani tibaonetsa isanu?"

"Kuti baone!"

"Baone chani?"

"Kuti na ise ndise bantu!"

Mawuwa anatuluka ndi misozi yomwe, ndipo mayiwo anachita manyazi kuti alira chifukwa cha thovu. A Gilson anawapatsa mpango wa m'thumba. Anali munthu wachifundo, vuto lake linali loti chifundocho sichinkadutsira kumutu.

"Ndise bantu, bana Lubuto. Olo bakafunsa, nizabauza kuti ndise bantu. Koma bakanifunsa kuti keke ili bwanji, nizabauzanso."

Mayi Perpetua anapukuta m'maso, naimirira. Zonyengerera zinali zatha. Anatenga Baibulo la amuna awo pamwamba pa kabati, naliika patebulo pambali pa keke.

"Ikani dzanja apa."

"Malemba akamba ati tisalumbile. Inde wanga ni inde."

"Lelo inde wanu afunika chidindo. Ikani! Kambani pamaso pa Mulungu, osati pa ine, kuti lelo simuzakamba liu olo limodzi pa za keke. Osati pamaiki, osati mupemphelo, osati kwa muntu aliyense, mpaka dzuwa litalowa."

"Nanga pemphelo la keke?"

"Muzapemphelela mvula."

"Mu Julayi?"

"Ikani dzanja!"

A Gilson anaganiza kwa kanthawi. Kukhala chete si bodza, ndipo anafufuza m'malamulo onse osapezamo loletsa. Anaika dzanja, nabwereza mawu onse mwaulemu, mpaka dzuwa litalowa. Mayi Perpetua anamva mtima kukhala pansi koyamba chiyambire mwezi. Anabwerera pagalasi, nayamba kung'ung'udza nyimbo uku akumanga duku lija.

Nthawi yomweyo kunja kunalira hutala. Mayiwo anasuzumira pazenera. Pageti panali galimoto lalitali la a Chitalu, ndipo dalaivala ndi mnzake ankatsitsa mabokosi oyera, akuwanyamula ndi manja awiri, misana itapindika.

"Bashi Lubuto, galimoto ya ku Kabulonga ifuna chani kuno?"

A Gilson analoza pakamwa pawo, napukusa mutu.

"Nikufunsani za galimoto!"

"Galimoto ni yabwino. Matayala atsopano."

"Mumabokosi muli chani?"

Bamboyo analozanso pakamwa. Mayi Perpetua anachoka pazenera, nawayandikira.

"Mwachita chani imwe? Mwakamba na ndani lelo?"

"Za bantu ningayankhe. Nakamba na ba Stephanie, na wapolisi wa pamsewu, na bashi Jordan pafoni nili munjila."

"Bashi Jordan! Mwabauza chani?"

"Nabapatsa moni. Nafunsa za mwendo wao. Ndiye nabauza kuti chintu china chake chimene bazalandila lelo kwa mpongozi wao basachiike mukamwa, bachisunge bwino, chifunika kubwelela ku Kabwata Lachiwili."

"Mayo ine!"

"Nanga ninakachita bwanji? Ba Stephanie bakamba ati zinayi. Imodzi iyenda ku Kabulonga. Bakaidya, tibweza zitatu, ise tikhala bosakhulupilika."

"Ndiye bayankha chani?"

"Foni baitenga bana Jordan. Baseka pang'ono. Ati, 'Musadandaule ba Mukuka, tamvetsa.'"

Mayi Perpetua anakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni. Dalaivala anagogoda, nalowetsa mabokosi asanu limodzilimodzi, nanena kuti madamu akuti anali ataitanitsa kale keke yapadera kuopa zangozi, ndiye ipite kuholo ku Woodlands m'malo mwa inayo kuti ana asachite manyazi. Anawerama, natuluka. "Kuopa zangozi" kumeneko kunatanthauza kuti mayi uja sanakhulupirirepo n'kamodzi komwe kuti a ku Chelstone angakwanitse, ndipo choipa kwambiri n'chakuti sanalakwitse.

Kenaka mayi Perpetua anakwawira ku bokosi limodzi, natsegula chivundikiro kuti aone kukula kwa chipongwe chawo. Keke yakuda, yolemera, yodzaza zipatso. Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Nkhope yawo inayamba kuwala pang'onopang'ono.

"Bashi Lubuto. Bwelani mununkhize."

A Gilson ananunkhiza, nabwerera m'mbuyo akutsokomola.

"Mowa!" anatero mayiwo, akuimirira ngati wachira. "Bulande! Keke zao za ku Kabulonga bamazimwetsa mowa masabata na masabata! Bafuna kuledzeletsa mpingo wonse, na kwaya yomwe! Mulungu ni wabwino!"

Anayamba kuyendayenda m'chipindamo, duku litagwera paphewa.

"Mvelani manje. Tinyamula zonse ziwili. Mukafika muja, mutenge maiki. Mukambe kuti ise ba Mukuka tinasankha dala madami, chifukwa ndise bantu bosamala thupi. Mulibe mowa, mulibe mazila, mulibe mafuta. Keke yosachimwa! Ndiye muloze iyi, muuze bantu chimene chilimo, muikane pamaso pa bonse monga mukulu wa mpingo. Bana Jordan bazafuna pobisala. Elo zonse ni zoona, bashi Lubuto! Simupempha zoona kuyambila m'mawa? Ndi izi, kambani mpaka mukhute!"

A Gilson anawayang'ana mwachikondi, naloza pakamwa.

"Aa, zija zatha! Nakumasulani!"

Anapukusa mutu.

"Nakamba nakumasulani! Ni ine n'nakulumbilitsani!"

"Ni imwe," anavomera bamboyo, akutenga thaulo kuti akasambe. "Koma munakamba mweka ati pamaso pa Mulungu, osati pa imwe. Akanimasula Iye, muzakhala boyamba kuziba."