Nsambo Zinayi za Mayi Rabeca

Malemu bambo Efraimu Bwanausi anabadwa pa 14 Malichi 1951 m'mudzi wa pafupi ndi Insaca. Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka kwarta kalase, kalasi yachinayi, mu 1964, ndipo aphunzitsi awo ankadandaula kuti mwanayu ngakhale masamu amayankha moyimba.

Mu 1969 anapita ku Cuamba kukasoka zovala pakhonde la loja, sitolo ya amwenye. Mwini lojayo anali ndi bambo wawo wokalamba, a Rahimu, katswiri wa nyimbo zamakedzana za kumpoto kwa India. Gogoyo atamva telala akung'ung'udza motsatira kulira kwa makina, anawaitanira m'nyumba. Chaka chathunthu anawayimbitsa liwu limodzi lokha, malemu osatopa. Banjalo pochoka mu 1975 linawasiyira tambura, choyimbira cha chipanda chachikulu ndi nsambo zinayi, chimene amaliza munthu wokhala kumbuyo kwa woyimba kuti mawu asasochere.

Pa 6 Ogasiti 1977 anamanga banja ndi mayi Rabeca. Mayiwa amanena okha kuti anakwatiwa Loweruka, Lolemba n'kupatsidwa tambura. Kuyambira pamenepo malo awo anali kumbuyo kwa amuna awo, kukhwatcha nsambo zija, pakamwa pali chete.

Nkhondo itavuta mu 1986 anathawira ku Malawi. Anzawo anasenza mapoto ndi mbuzi, malemu anasiya makina osokera n'kusenza tambura. Chipanda chake chinasweka m'bwato powoloka nyanja ya Chiuta, iwo n'kudzala mphonda kumalo a othawa nkhondo, kudikira miyezi isanu, n'kuikapo china. Anabwerera kuno mu 1993.

Anapeka nyimbo zoposa makumi asanu m'Chinyanja chathu, koma pamayimbidwe a Chimwenye. Nyimbo iliyonse inali ndi nthawi yake: yam'mawa, yamasana, yadzuwa litapendeka, yanyengo yamvula. Ambiri muli pano mukukumbuka ukwati uja wa ku Entre Lagos, pomwe anakaniratu kuyimba nyimbo yamadzulo chifukwa inali isanakwane folo koloko, akwati n'kudikira thukuta lili kamukamu.

Chinkawadya mtima chinali chimodzi. A Rahimu aja anawaletsa kulemba nyimbo, akuti zimayenda kuchoka pakamwa kupita pakamwa, ndiye wolandira ankasowa. Anayesa akwaya, anayesa ana awo, anayesa mpaka mwana wa abusa, koma onse ankathawa mwezi usanathe. Malemu ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndani angayimbe liwu limodzi chaka chonse, mpunga ukudyedwa ndi mbalame kudimba? Ankalankhula mobwerezabwereza kuti nyimbo zawo adzalowa nazo m'bokosi.

Mu Juni 2023 anayamba kudwala pakhosi. Tinayenda nawo kuchipatala kuno ndi ku Cuamba, koma pofika Disembala mawu anatheratu. Ankangoyang'ana tambura ili pakona, misozi ili mbwembwembwe, ndipo ife zinkatipweteka kwambiri.

Tsiku lina mu Januwale mayi Rabeca anaitenga kuti aipukute fumbi. Anakhwatcha nsambo, kenaka anatsegula pakamwa. Abale anga, nyimbo inatuluka yonse, mopindika mwake monse, osaphonya paliponse! Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ali kumbuyo kuja, ankameza zonse. Malemu anadzuka pamphasa, kuwayang'anitsitsa akazi awo ngati mlendo. Kenaka anagogoda pansi ndi ndodo n'kuloza dzuwa: mayi anali atayimba nyimbo yam'mawa masana. Atatero anaseka mopanda mawu mpaka kutsokomola.

Miyezi itatu yotsatira anali mphunzitsi wosangalala kuposa onse, ndodo ili m'manja, mayi akuyimba imodziimodzi mpaka zonse zinakwana. Anatisiya mwamtendere pa 21 Epulo 2024, dzuwa likutuluka.

Asiya mayi Rabeca, ana atatu, Neide, Valentim ndi Talandira, komanso zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza anamwino, a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi akukhitchini, ndi abale a ku Malawi amene mwabwera pa njinga.

Tikapita kumanda, a kwaya mutikhululukire pang'ono. Mayi Rabeca ayimba ataima kutsogolo kwa nthawi yoyamba, ndipo Neide wapempha yekha kukhala kumbuyo kwawo ndi tambura.

Bambo Efraimu, m'bokosimo mwalowa nokha, nyimbo zatsala. Mzimu wanu uuse mumtendere.