Anandiletsa Kufika pa Dzenje

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Bindura ku Zimbabwe ndi inu muli kutali. Ine ndine Mai Chisomo. Phiri linakwirira mwamuna wanga ali wamoyo, ndipo ndati ndikuuzeni mmene Mulungu anandibwezera munthuyo.

Bambo a Chisomo ndi mmodzi wa makorokoza, amakumba golide paphiri lina cha kunjira ya ku Musana. Chaka chimenecho mvula inagwa mpaka nthaka inakhuta. Tsiku lina masana ndikuyanika zovala, pansi pananjenjemera ngati padutsa lole, koma msewu unali zii. Nditakweza maso ndinaona mbali ya phiri ikutsetsereka pang'onopang'ono, mitengo ili chiimire, miyala ikuluikulu ikugubuduzika pambuyo pake. Phokoso lake sindilikumbuka. Ndimangokumbukira fungo la dothi lonyowa.

Ndinathamanga osavala nsapato. Anzawo a Bambo a Chisomo anali atayamba kale kufukula pomwe panali khomo la dzenje lomwe iwo analowamo tsiku limenelo. Koma mwambo wa makorokoza mukuudziwa: mkazi safika pa dzenje, ati golide amathawa. Mkulu wawo ananditchingira njira n'kundiuza m'Chishona kuti ndibwerere.

"Mai Chisomo, dzokerai kumashure, vakadzi havasviki pano."

Ndinawayankha kuti golide wanga ine ali pansipo ndipo ali ndi miyendo iwiri, koma sanandilole. Ndinakwiya, abale, sindibisa. Munthu akufa, iwo akuopa kuthawitsa mwala!

Anafukula mpaka kunada osapeza kanthu. M'mawa mwake kunyumba sikunakhalike, ndipo miyendo inanditengera kuseri kwa phiri, komwe kunalibe wondithamangitsa. Kumeneko kuli dzenje lakale lomwe malemu agogo anga anagwirako ntchito atangobwera kuchokera ku Malawi. Linamera tchire kalekale. Tili ana tinkaponyamo timiyala n'kumamvetsera, osamva pomwe tafikira.

Ndinagwada pamenepo. Nkhungu inali itakuta chilichonse, moti ngakhale manja anga ankaoneka ngati a munthu wina. Sindinkadziwa ngati ndili maso kapena ndikulota. Mawu a pemphero anandithera, ndinangoti, "Ambuye, Inu mukudziwa pomwe ali." Kenaka ndinapezeka ndikuimba nyimbo ya kwaya yathu, ija Bambo a Chisomo amaikonda ngakhale amaiwononga sabata iliyonse. Poomba m'manja iwo amachedwa, anzawo onse ataomba kale, mpaka ine ndimawatsina.

Pansi panayankha. Go, go, go, kutali kwambiri, ngati mwala ukumenya chitsulo. Ndinasiya kuimba, kugogodako kunasiyanso. Nditayambiranso kunayambanso, ndipo kunkachedwa pomwe paja amachedwa iwo.

Ndinathamangira kwa amuna aja ndikukuwa. Mkulu uja anandiyang'ana nthawi yaitali, poganiza kuti chisoni chandizunguza mutu, komabe anatenga chingwe n'kunditsata. Atayika khutu pa dzenjelo, ine ndikuimba, anadzuka maso ali psuu n'kuitana anzake onse. Zinapezeka kuti khomo litatsekeka, mwamuna wanga anakwawa mumdima ndi mwendo wothyoka mpaka analowa m'njira zakale za agogo, nakapeza njanji yadzimbiri yomwe ankaimenyayo.

Anawatulutsa dzuwa litapendeka, matope thupi lonse. Ine ndinaima patali monga ndinauzidwira. Mkulu uja anavula chipewa n'kundiitana kuti ndifike pafupi. "Huyai pedyo, mai." Ndinayandikira, ndinagwira nkhope ya mwamuna wanga, inali yofunda.

"Amai a Chisomo," anatero monong'ona, "nyimbo ija mumaithamangitsa ndinu."

Ndikuthokoza Mulungu amene analola kuti andikankhire kumbali, pakuti kumbaliko n'komwe kunali yankho. Inunso akakuthamangitsani pomwe mukuona kuti mpoyenera, musataye mtima, gwadani pomwe mwafikapo.

Bambo a Chisomo amatsimphina mpaka lero, ndipo kutchalitchi amachedwabe kuomba m'manja. Ine ndinasiya kuwatsina.