Nyemba za Abambo Zinatsala Kapu Imodzi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Ruda ndi inu a ku Chipinge. Ndine Mai Chisale, ndipo ndikuchitira umboni za dimba limene linatsala pang'ono kundithera mbewu ya malemu abambo anga.

Abambo anabwera kuno kuchokera ku Mulanje kudzathyola tiyi. M'thumba la jekete anali ndi nyemba zodzaza dzanja, zamawangamawanga, zoyanga. Ankangozitcha "za kwathu", dzina lina sitinalimvepo. Loweruka akaweruka kuesiteti ankatitenga ana tonse kupita kudimba la m'mbali mwa mtsinje, iwo akuzika timitengo toyangira, ife tikugendana ndi matope. Ndimakumbukirabe fungo la tiyi wamuwisi m'malaya mwawo, ndi mmene ankatikalipira m'Chinyanja tikawayankha m'Chimanyika, chilankhulo cha kuno. Kumudzi sanabwererenso. Anagona konkuno, nyemba n'kutsala m'manja mwanga.

Mavuto anayamba pamene makorokoza, okumba golide aja, anadzaza kumtunda kwa mtsinje. Chaka china madzi anasefukira n'kusiya matope otuwa padimba lonse. Nditadzala, nyemba zinamera zachikasu, mizu yake yaifupi ngati yopserera. Ine ndi nzeru zanga za paesiteti ndinati imeneyi ndi njala, n'kuthira feteleza wa tiyi. Tiyi amakula naye bwinobwino, nyemba zingamukane bwanji? Zinafota zonse. Chaka chotsatira zinafotanso, ndipo m'chitini munatsala mbewu yokwana kapu imodzi.

Ndinalira, abale. Ndinkamva ngati ndikuwaikanso m'manda abambo, ulendo uno ndi manja anga. Koma munthu wamkulu ungaime pagulu n'kunena kuti ukulirira nyemba? Pamapemphero a amayi a Lachinayi ndinangoti, "Mundipempherere, ndili ndi cholemetsa."

Titatuluka anandidikira Mai Banda, mpongozi wa mkulu wa mpingo, amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ndivomere tchimo langa: ndinkamuyesa wonyada poti sankalankhulalankhula, osadziwa kuti amachita manyazi ndi Chinyanja chake chothyokathyoka. Anandifunsa mofatsa mpaka ndinaulula. Mawa lake anadzatapa dothi m'kajumbo n'kupita nalo ku Mutare kokaliyeza.

Atabwerako anati, "Mhamha, ivhu renyu, dothi lanuli, lalowa zitsulo za kumigodi. Feteleza wa tiyi uja analiwawasa, saka, n'chifukwa chake zitsulo zinasungunuka, mizu n'kumamwa."

Ndinagwira pakamwa. Ndiye kuti ndinkathandiza nawo kupha nyemba zanga ndikuyesa kuti ndikuzidyetsa.

Anandiuza kuti ndithire laimu wochotsa kuwawasa, ndisinje makala n'kusakaniza ndi manyowa owolerana, ndipo ndizithirira ndi madzi a pakasupe, osati a mumtsinje. Ndinachita zonse, msana ukudandaula. Patapita masabata anabwera ndi kapaketi ka ufa wakuda, n'kunena kuti muli tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso.

"Mwananga," ndinatero, "mbewu yatsala kapu imodzi, ndiithirenso tizilombo?"

Anaseka mpaka misozi. Anati tizilombo timeneti n'tabwino, timamanga nyumba pamizu, timadyetsa nyemba ndi kuzilimbitsa kuti zipirire. Tinanyowetsa mbewu ndi madzi a shuga pamthunzi, n'kuwaza ufawo mpaka zinada bii. Ndinadzala theka lokha, theka lina ndinabisa m'sutikesi. Chikhulupiriro changa chinalekezera pamenepo, koma Mulungu sanandinyoze nazo.

Zinamera zobiriwira, n'kuyamba kuyanga. Tsiku lina Mai Banda anazula imodzi n'kundionetsa timatuza pamizu, tofiirira m'kati, ndipo ndinagwada m'mizere momwemo. Sanandinamize: zitsulo sizinachoke, zangomangika, ndipo laimu ndi manyowa ndi ntchito yosalekeza. Anandiletsa kudya ngakhale imodzi mpaka zitakayezedwa. Ndinakolola ndowa, zinayezedwa, ndipo tinaloledwa kuphika.

Ndikuyamika Mulungu amene anamva pemphero limene ndinachita nalo manyazi kulitchula. Inunso amene dimba lanu likufota, musangothira zimene mukudziwa. Funsani, pempherani, ndipo musataye mtima.

Mayi wina wa mumpingo akupita kumaliro ku Mulanje, ndinamupatsira nyemba zochepa kuti akapatse azakhali, mlongo wa abambo, amene sindinawaonepo. Azakhaliwo anandiimbira foni. Anati nyembazo zinatha kalekale kumudziko, ndipo anazionera komaliza m'munda mwa amayi awo.

"Ndiye achimwene anazisunga zaka zonsezi?"

Ndinati, "Anasunga, azakhali. Mudzale mvula ikagwa."