Ankati Ndinataya Mwana ku Zambia

Abusa, amayi busa, akulu ampingo, azimayi, azibambo, ndi inu achinyamata anzanga mwabisala kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Ambuye. Aleluya! Aa, yachepa imeneyo, kuzizira kwa kuno kwakugwirani pakhosi? Aleluya!

Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Ndikathamangitsa mawu mundikhululukire, ndi mmene ndilili.

Mukundidziwa, ndine mtsikana uja wa foni. Ena mumati ndinabadwa nayo m'manja. Maphunziro sindinapite nawo patali, Chingelezi changa chothyokachi ndinachitola pa foni, ndipo ndi pa foni pomwepo pamene ndinaona kuti ku Zambia kuli nyumba ya mpingo yolerera ana amasiye, ikufuna achinyamata okathandiza mongodzipereka. Abusa munandipempherera pano pomwe. Ndinakwera shapa, minibasi zathu zija, ulendo.

Kumeneko ntchito yanga inali kuchapa matewera, kuphika phala, kuimbira ana. Nditakhalako miyezi ingapo anabwera ndi kakhanda kuchokera kuchipatala, mayi ake atamwalira pochira. Kang'onong'ono, abale, kongodzaza m'manja umu. Anakatcha Mapalo. Kanali kolira, kolira, aliyense kakumukana, koma ine ndikangokaika kumsana, zii. Amayi oyang'anira nyumbayo anangoti, "Iwe wa ku Mozambiki, ameneyu uzimusamala ndiwe."

Ndiye ine ndi foni yanga! Mapalo akumwa mkaka, foto. Mapalo ali kumsana, foto. Mapalo wamera dzino, foto. Zonse ndikuponya pa gulu lathu la achinyamata la pa foni kuti kuno muone ntchito ya Mulungu. Pa mafotopo ndikuoneka wonenepa, masaya awa, chifukwa kumeneko sindinkalima, ndinkangodya.

Nthawi yanga itatha ndinamusiya Mapalo akukwawa. Njira yonse ndinalira. Ndinkati ndikafika kwathu mtima ukhala pansi.

Abale, sunakhale pansi.

Nditangotsika shapa pa Domwe, azimayi ogulitsa kachewere amene ndinazolowera kucheza nawo anandipatsa moni akuyang'ana pachifuwa panga, osati kumaso. Kuchitsime ndikafika, nkhani zii. Ku kwaya benchi yanga yokha ndiyo inali ndi malo. Ndinati kodi ndikununkha? Mpaka mnzanga wina anandikokera kuseri kwa tchalitchi chino nkundiuza kuti, "Iwe, sukudziwa? Akuti unachoka kuno uli ndi pakati. Akuti unakachirira ku Zambia, mwana wamutaya komweko. Mafoto ako aja afika mpaka ku Lifidzi."

Ine? Kutaya mwana?

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudya bwino. Foni imene ndinkaikonda ija ikalira, ndinkadumpha ngati ndaponda njoka. Ndikaona anthu awiri aima pamsewu, ndinkati akunena ine. Mtima kumangoti phaphapha, phaphapha, m'mawa, masana, osaleka.

Ndipo thupi langa lomwe linkandipereka. Mvetserani, azimayi, inu mumvetsa. Mwana wa oyandikana nawo akalira, ine ndili kudimba ndi khasu, ndinkangozindikira ndaima, ndikugwedezeka, dzanja likusisita kumsana kopanda munthu. Amayi anga anandiona. Anaika khasu pansi nati, "Mwana wanga, mtsikana wosabala sagwedezeka choncho."

Ndinati, "Amayi, si wanga! Ndinkangomulera!" Koma ndikunena choncho misozi ili mbwembwembwe, chifukwa ndinkamusowa mwanayo. Ndiye mundiuze, ndani akanandikhulupirira?

Amayi sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anaitana atsibweni anga, achimwene awo. Atsibweni anakhala pakhonde, nkukhosomola, nati, "Mphwanga, zachitika zachitika, si iwe woyamba. Koma mwana wa mbumba yanga sangakulire kwa eni ngati kuno kulibe munda. Tikangokumba kachewereyu tikukamutenga." Amayi anali atagula kale nsalu ya kapulana yatsopano yokatengera mdzukulu.

Ndikalumbira, amayi ankangoti, "Usaope, sitikuthamangitsa." Abale, kukhululukidwa pa tchimo limene sunachite kumawawa! Ndipo ndinali nditamva kuti nkhani yafika kwa akulu ampingo, andiitana posachedwa. Dzina langa linali likupita, ine ndikuona.

Mukuti bwanji sindinangoimba ku Zambia? Ndinaimba! Kwathu netiweki imagwira pamwala umodzi wokha, kumtunda kwa dimba. Ndinkakwera pamenepo tsiku ndi tsiku. Foni ya amayi oyang'anira aja, yozima. Mauthenga osapita. Atsibweni nkumati, "Waona? Akubisa, munapangana." Ine mamega a intaneti akutha, kachewere akukhwima. Pamwala pamenepo ndi pomwe ndinaphunzira kupemphera kwenikweni. Osati pemphero lokongola la pa gulu lija ayi. Ndinkangoti, "Ambuye, Inu munaliko. Inu munaona. Yankhulani, ine mawu andithera."

Tsiku lina masana ndili pamwalapo, foni inanjenjemera. Uthenga: "Tinali kumudzi kopanda netiweki. Imba tsopano."

Ndinatsika chothamanga, patapata imodzi inatsala komweko. Ndinawagwira amayi dzanja, matope ali m'manja, atsibweni akutsatira pambuyo akudandaula za bondo lawo. Tinakwera. Ndinaimba ya vidiyo, mumtima ndikuti mamega inu musandichititse manyazi.

Anayankha. Amayi oyang'anira aja, ndipo pambali pawo gogo wina wowonda, wovala duku lakuda, Mapalo ali pamiyendo pake. Anati, "Tinapita kukafunafuna abale a mwanayu, tawapeza. Awa ndi agogo ake, amayi a malemu. Akumutenga."

Amayi anga anandilanda foni. Anaiyandikiza kumaso, nafunsa, "Amayi, mwanayo ndi wa yani?"

Gogoyo anati, "Ndi wa mwana wanga wamkazi. Anachoka pamudzi kukafuna ntchito m'tauni, ndinangomva kuti anamuika kale m'manda. Sindinkadziwa kuti anasiya kamwana." Ndipo anayamba kulira.

Abale, ndinaona amayi anga akugwada pamwala paja, foni ili m'manja. Munthu amene anakwera kudzalanda mdzukulu anayamba kupepesa maliro. "Pepani amayi anzanga, pepani. Mulungu akulimbitseni." Atsibweni anavula chipewa. Gogoyo nkuti, "Mtsikana anandilerera mdzukulu uja ndi wanu? Munabala munthu."

Pamenepo ndinalowetsa nkhope yanga pa vidiyoyo, ndikukuwa, "Mapalo! Mapalo, ndine!" Ndinamuimbira kanyimbo kathu komudyetsera phala. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anatembenuka nkubisa nkhope pachifuwa pa agogo ake. Sanandidziwe. Mwana amene ankakana aliyense kufuna ine. Ndipo mamega anathera pomwepo.

Ndinakhala pansi nkulira mokweza ngati pamaliro. Dzina langa layera, koma ine ndikulira. Amayi anandikumbatira ndi matope awo omwewo nati, "Lira, mwana wanga, ndipo undikhululukire. Koma mwana akakuiwala msanga, ndiye kuti kumene aliko akukhuta."

Sindinama pamaso pa Mulungu, mantha sanathe onse. Lero m'mawa pomwe ndinafika pakhomo apo nkufuna kubwerera. Koma ndalowa, ndipo ndayankhula.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankhira ine nditasowa mboni. Ndikuthokoza abusa amene munati tidikire kaye tisanamuitane mwanayu pabwalo. Amene munatumizirana mafoto aja, sinditchula maina, ndakukhululukirani, koma zimene mwamva lerozi mukazitumizenso mpaka ku Lifidzi. Wokayika, amayi anga ndi awo avala duku loyerawo, mukawafunse tikaweruka.

Ine ndinkapempherera dzina langa lokha, koma Mulungu anali kalikiliki kufunira mwana wamasiye kwawo. Mapalo ali ndi agogo, ali ndi mudzi. Ndiye musangondiyang'ana! Imirirani, azimayi nthungululu zimveke, achinyamata ng'oma ilire, musangalale nane. Aleluya! Ameni!