Mtima wanga unkadumpha, anthu nkumati ndi tsempho

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Linali Lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndikusoka fodya m'chigafa ku esiteti kufupi ndi Chamama, pamene miyendo yanga inafa ndili chikhalire. Ndinayesa kudzuka, osatheka. Mtima unkagunda, nkuima, nkuyambanso. Mwezi unali usanathe chiikireni amuna anga, amene anagwa m'munda ndi BP. Ndinaganiza za ana anga atatu.

Chichitikireni maliro chakudya chinkandikana. Ndinkangomwa tiyi ndi kaphala, pamwamba pake mapiritsi anga a BP okodzetsa. Atamva za miyendoyo, apongozi anga anati, "Limeneli ndi tsempho, mwananga. Wina anathira mchere m'ndiwo za pamaliro asanadike." Anandibweretsera mizu yotsuka m'mimba. Ndinatsekula koopsa, manja nawonso analeka kugwira kapu. Ana ankandiyang'ana monga ankayang'anira bambo awo tsiku lija. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ana awa asaike makolo awiri chaka chimodzi.

Yankho linadzera mwa Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene timagula sopo m'golosale mwake. Atamva, anabwera, nkundigwira pamkono. "Mizuyi ikhale kaye, tiyeni ku boma," anatero, nandinyamula pagalimoto ya amuna awo.

Kuchipatala anatenga magazi. Adokotala anati m'thupi mwanga munatha mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene umayendetsa mtima ndi minofu. Mapiritsi ankautulutsa m'mkodzo, kutsekula kunamaliza wotsala, ndipo ine sindinkadya zoubwezeretsa. Akanachedwa nane, mtima ukanaima. Anandiika diripi, nkundisinthira mankhwala. Anati ndizidya nthochi, mbatata, nyemba, mapeyala, nkhwani ndi bonongwe, ndichepetse mchere wothira, komanso msuzi wa masamba ndisamataye. Anachenjezanso kuti wodwala impso asachulutse zimenezi asanafunse dokotala.

Apongozi sindiwakwiyira, ankafuna ndichire. Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu wosapemphera nafe kudzandipulumutsa. Inu amene muli pachisoni, musaleke kupemphera, komanso musaleke kudya. Mantha sanathe, mtima ukangogunda mwachilendo ndimakhala kaye pansi. Koma abwana a esiteti anandilola kulima kadimba kuseri kwa chigafa. Ndabzalamo mbatata ndi nyemba, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kukayezetsa.